Foni Inalira Kamodzi

Armadale, Perth
14 Febuluwale 2000

Okondedwa achemwali a Scholastica,

Ndikhulupirira kalata ino ikupezani muli bwino, inu, alamu a Chikhulupiriro ndi ana onse. Nanga bambo ali bwanji ndi miyendo ija? Kuno tilipo, kungoti dzuwa la Febuluwale latiwamba. Mkazi wanga Atusaye watopa kwambiri, akuchipatala akuti tiyembekezere kumapeto kwa Malichi. Wayamba wasiya ntchito ija ya kunyumba yosungirako okalamba, masana amangogona pansi pa fani.

Lamulungu loyamba la mwezi uno ndinakondwa kumva mawu anu, koma sindibisa, zinandiwawa kuti bambo sanabwerenso ku foni. Chino ndi chaka chachitatu osandilankhula. Mlandu wanga ndikuudziwa: ndinakwatira mkazi wa ku Karonga, wa mpingo wina, osadikira mawu awo. Koma amene akubwerayu sanalakwire munthu. Ndime yotsatirayi muwawerengere mokweza, khutu lawo lija mukulidziwa.

Bambo, ndine Yosefe mwana wanu. Ndikupempha dzina. Pabanja pathu mwana woyamba amamutcha ndi agogo ake aamuna, ndipo ine sindifuna kuti mwambo umenewu udukire pa ine. Ngati simufuna kundikhululukira, musandikhululukire, koma dzina lokha ndipatseni.

Tsopano nkhani yosangalatsa. Mlongo wanu walowa m'dziko la intaneti! Ndagula kompyuta yakale ndi kabokosi kotchedwa modemu, kamene kamalumikiza kompyuta ndi waya wa foni. Masiku atatu kabokosiko kanandikanira, ndimangotukwana chamumtima. Loweruka kunabwera Mulenga, m'bale wa ku Lusaka amene timapemphera naye, wogwira ntchito ya makompyuta m'tauni. Anangoseka n'kuti, "Iwe mudala, osayopa, ni vintu vosavuta ivi. Lemba chabe vamene nikuuza." Ndiye ndinalemba ndekha ndi zala zangazi.

Lamulo lililonse limayamba ndi AT, ngati odi pakhomo, ndipo modemu ikamva imayankha kuti OK. Ndikulemberani kuti muone kuti sukulu ija sinapite pachabe. AT&F ndi kuiuza kuti iiwale zonse zimene anaiphunzitsa mwini wake wakale. ATX3 ndi kuiuza kuti isamadikire kulira kwa waya, izingoimba, chifukwa inapangidwira dziko lina ndipo mawaya akuno siyiwazindikira. ATM0 ndi kuitseka pakamwa, poti ikamalumikiza imalira ngati nkhumba yomangidwa panjinga ndipo Atusaye amadandaula kuti ikumudzutsa. ATS0=1 ndi yoti fakisi, kalata yoyenda pa waya wa foni, ikabwera izilowa yokha ngakhale ine kulibe, chifukwa ndikudikira yankho la ntchito ya mu labotale ku Fremantle. Pomaliza AT&W, kuti isunge zonsezi mpaka kalekale. Kasanu konse inandiyankha OK. Chibwerere kuno palibe amene anandimverapo msanga chonchi.

Foni ya m'nyumba taisamutsira kuchipinda chakumbuyo, pamodzi ndi kompyuta. Anthu akuno amandipeza pa foni ya m'manja, choncho ya m'nyumbayi yatsala yanu ndi intaneti basi. Nambala ya m'manjayo ndikutumizirani ndikasintha kampani mwezi wamawa. Pangano lathu silinasinthe: Lamulungu Misa yachiwiri ikatha, 12 koloko masana kwanuko, imene ili 6 koloko madzulo kuno, muimbe pa foni ya ku parishi, ilire katatu, mudule. Ndikamva katatu ndidziwa kuti ndinu, ine ndiimba.

Kuno anthu ambiri ali ndi makina oyankha foni. Mwini wake akachoka, makinawo amalira kuti piii, iwe n'kulankhula, iye pobwera amamva mawu ako onse. Nanenso ndikufuna ndigule mwana akabadwa.

Mundiuze zimene bambo anene, ngakhale zitakhala zowawa.

Ndine mlongo wanu,
Yosefe


Linthipe, Dedza
13 Malichi 2000

Iwe Yosefe,

Moni kuchokera kwa tonse. Ife tili bwino, chimanga chacha, mvula yokha ndiyo sikufuna kutisiya. Alamu akupeza bwanji? Uwauze asamangogona, aziyendayenda.

Kalata yako inafika pa 3. Masamba awiri athunthu a ma AT, ine kuwerenga mpaka mutu kuwawa. Unali choncho kuyambira uli mwana, ukaphunzira kanthu mudzi wonse uzidziwa. Ndinawawerengera bambo yonse, ndi za nkhumba yapanjinga zomwe. Anangotembenukira kukhoma. M'mawa mwake anandiitana n'kuti ndibwereze ndime yawo ija. Ndinabwereza kawiri. Kenako anati, "Dzina ndili nalo. Koma dzina la munthu siliyenda pakalata ngati nkhani ya feteleza. Ndimuuza ndekha pakamwa, iye alimve wina aliyense asanalimve." Wamva zimenezo? Zaka zitatu ndakhala ndikuwanyengerera, lero afewa okha.

Tsono vuto lili kwa iwe. Pa 5 ndinapita ku parishi monga mwa pangano. A katekisiti ananditsegulira ofesi, ndinaimba. Foni inangolira kamodzi, kenako chinthu chinandilira m'khutu, mluzu wosatha ngati wa woimbira mpira wopenga. Ndinadula, ndinadikira ola lathunthu, iwe osaimba. Dzulo ndapitanso, chimodzimodzi. A katekisiti akuti waya wathu ulibe vuto, poti abambo mfumu analankhula bwinobwino ndi akwawo Lachisanu.

Kodi chikuchitika n'chiyani kumeneko? Ngati wagula kale makina oyankha aja, bwanji osatiuza? Ine manyazi anandigwira, sindingalankhule ndi mluzu pamaso pa a katekisiti. Ndipo ngati muli m'nyumbamo n'kumangoyang'ana foni ikulira, undiuze poyera ndisamavutike kuyenda m'matope.

Usachedwe. Bambo sali bwino monga ukuganizira. Miyendo yatupa mpaka m'mawondo, nsapato sizikulowanso, ndipo akayenda kuchoka pakhonde kufika pamtengo wa mapeyala amapuma kawiri. Makina awo osokera anawaphimba ndi nsalu mwezi watha. Iwe ukuwadziwa, munthu amene sanaphimbepo makina amenewo ngakhale pa Khirisimasi.

Kalatayi ndiwapatsa alamu ako a Chikhulupiriro akaponye ku boma akamapita. Nambala ya m'manja ija tikuidikirabe.

Mlongo wako,
Scholastica


Armadale, Perth
29 Malichi 2000

Achemwali,

Moni. Ndikhulupirira muli moyo, poti njira ina yodziwira ndilibe.

Mwana wabadwa Lachisanu pa 24, wamkazi. Mayi ndi mwana ali bwino, atuluka dzulo. Ali ndi chipumi cha bambo, ndipo akakwiya amakwinya nkhope chimodzimodzi. Ndinaganiza kuti ndidzalemba nkhani imeneyi ndi chimwemwe, koma ndikulemba mtima uli kuwawa.

Mwezi wonse wa Malichi simunalize foni. Kalata yanga ndikudziwa inafika, siingatenge masabata asanu ndi limodzi. Ndiye yankho la bambo ndi limeneli? Ndinapempha dzina, osati munda, osati ng'ombe. Mukanangoimba n'kundiuza kuti akana, ndikanalira tsiku limodzi n'kuiwala. Koma mwasankha kungokhala chete nonse, ndi inu nomwe achemwali amene munandilera.

Lamulungu lapitali ndinachoka kuchipatala msangamsanga, kumusiya Atusaye ndi mwana wa masiku awiri, kuthamangira sitima ya ku Armadale kuti 6 koloko indipeze pakhomo. Ndinakhala pampando kuchipinda chakumbuyo, foni ili apa. Itangopitirira 6 inalira kamodzi, ndinayamba kuwerenga kulira kwake. Kachiwiri sikanabwere. Ndinakhalabe mpaka 7 koloko ngati chitsiru. Masiku ano imachita zimenezi, kulira kamodzi n'kusiya, kaya ndi anthu olakwitsa nambala kaya ndi otsatsa malonda. Koma tsiku limenelo ndinafuna kuiponya pawindo.

Ndinayesa kuimba ku parishi Lachiwiri lina masana, palibe anayankha. Sindinayesenso. Munthu amatopa kugogoda pakhomo la bambo ake omubereka. Nambala ya m'manja ndasintha, koma sindikuona chifukwa choilembera anthu amene akulephera kuliza yomwe ali nayo kale.

Kuno boma limatipatsa masiku 60 kuti mwana alembedwe dzina, choncho tsiku lomaliza ndi 23 Meyi. Atusaye akuti tidikire mpaka tsikulo. Mkazi amene bambo amamukanayo ndi amene akuwaikira kumbuyo. Panopa pakhadi lake alemba kuti "mwana wa Atusaye". Mzamba amene anamulandira ndi mayi wachizungu dzina lake Debbie, anakhala nafe maola khumi osadandaula. Ngati kwathu kulibe dzina, timutcha Debbie. Iyeyo anabwera titamuitana.

Ntchito ya ku Fremantle sindinamvebe kanthu. Muwapatse moni alamu ndi ana.

Yosefe


Linthipe, Dedza
19 Epulo 2000

Yosefe,

Sindikufunsa za moyo wako, kalata yako yafika dzulo ndipo ndaona kuti uli ndi mphamvu zokwanira kutukwana.

Bambo anamwalira Lachiwiri pa 4 Epulo m'mawa. Tinawaika pa 6, pafupi ndi mayi. Ndikulemba ngati sukudziwa, ngakhale ukudziwa bwino lomwe, chifukwa a Chikhulupiriro anaimba tsiku lomwelo n'kusiya uthenga wa maliro pa makina ako. Tinachedwetsa mwambo tsiku lathunthu kudikira foni yako. Anthu ankafunsa kuti mwana wamwamuna wati chiyani, ine n'kumanama kuti mawaya avuta.

Ukuti sitinalize foni? Ndinaimba pa 5, pa 12, pa 19 Malichi. Nthawi zonse mluzu wako uja. Nditawauza bambo anati, "Amenewo ndi makina aja analemba m'kalata. Akalira umalankhula, iye amamva pambuyo pake. Mwana wagula makina kuti mawu athu asamatayike, inu mukuwathawa. Ndipita ndekha."

Pa 26 Malichi, Lamulungu lomwe ukuti unakhala pampando ngati chitsiru, bambo ako anadzuka m'mamawa n'kumeta ndevu. Anavala jekete lija anasoka okha la ukwati wanga, mabatani osatsekeka chifukwa cha kutupa. Nsapato zinakana, anavala masokosi okha. Panjinga sakanatha kukhala, ndiye tinabwereka ngolo, tinayala matiresi, ng'ombe zinawakoka mtunda wonse uja mpaka ku parishi. Pamsewu wa mabampu aja sanadandaule ngakhale kamodzi. Amuna awiri anawanyamula kulowa nawo mu ofesi. Ndinaimba ndine, mluzu utayamba ndinawapatsa foni. Anakuuza dzina la mwana wako, anakuuza zonse zimene anasunga mumtima zaka zitatu.

Kuyambira tsiku limenelo ankafunsa m'mawa ndi madzulo ngati a katekisiti abwera ndi uthenga. Lamulungu lotsatira anandituma kuti ndikakhale pafupi ndi foni, ndinaimbanso, ndinakhala mpaka dzuwa kupendeka. Nditabwerera anangoti, "Ali kuchipatala ndi mkazi wake, aimba." Anamwalira akukuikira kumbuyo.

Ndiye lero ndilandire kalata yoti kwathu kulibe dzina? Kuti mwana mumutcha Debbie? Ngati dzina la bambo silinakukomereni, nenani choncho, osati kunamizira akufa kuti anakhala chete.

Ine sindine mwana, ndikudziwa kumene zachokera. Unalemba wekha kuti unatseka makina pakamwa chifukwa akazi ako amadandaula phokoso. Phokoso lake ndife. Iwo ndi amene amakhala pakhomo tsiku lonse, iwo ndi amene amamvera mauthenga iwe uli kuntchito. Uwafunse kumene anapititsa mawu a bambo. Anakanidwa, inde, ndipo mwina bambo analakwa. Koma kubwezera munthu amene akufa ndi nkhanza imene sindinaionepo.

Jekete lija tawaika nalo. Makina osokera anati ndi ako. Ali pomwe anawasiya, ukadzawafuna udzawatenge.

Scholastica


Armadale, Perth
9 Meyi 2000

Alamu a Scholastica,

Ndine Atusaye. Sitinaonanepo ndipo sindinakulembereniponi, koma lero ndilemba ndine chifukwa a Yosefe ayamba kalatayi katatu n'kuing'amba. Pepani ndi maliro. Ndikunena kuchokera pansi pa mtima, ngakhale mwina simukhulupirira.

Makalata anu awiri afika sabata imodzi. Ya pa 13 Malichi ili ndi chidindo cha pa 10 Epulo, ndiye kuti inagona penapake pafupifupi mwezi isanaponyedwe. Ikanafika nthawi yake, zonsezi sizikanachitika. Za imfa ya bambo tamva Lachisanu lapitali, m'kalata yanu yachiwiri. A Yosefe anawerenga ataimirira pabokosi la makalata panja, anakhala pansi pomwepo pa simenti.

Alamu, m'nyumba muno mulibe makina oyankha foni. Sitinagule. Palibe uthenga umene ndinamva, palibe umene ndinafufuta.

Loweruka tinaitana a Mulenga. Atawerenga za mluzu anagwira kumutu. Kenako anaimba nambala yathu pa foni yawo ya m'manja tili pomwepo. Foni inalira kamodzi n'kusiya. Anatipatsa kuti timvere, ndipo tinaumva mluzu wanu uja. Ndi modemu. Lamulo lija la ATS0=1 limaiuza kuti foni ikangolira kamodzi iyankhe, kaya ndi fakisi kaya ndi munthu. Mluzuwo ndi iyo ikufunafuna kompyuta inzake. Siisunga mawu a munthu, siimva n'komwe. Imadikira masekondi 60, ikapanda kupeza inzake imadula. A Mulenga anati anaganiza kuti nambalayi ndi ya kompyuta yokha, za pangano la kulira katatu sankazidziwa. A Yosefe sanawauze, ndipo sanafunse kuti nambala 1 ija ikutanthauza chiyani.

Kompyuta imasunga mndandanda wa zimene modemu yachita. Tinapeza masiku anu onse, pa 5, pa 12, pa 19 Malichi, pa 2 Epulo, pa 4 Epulo. Wa pa 26 Malichi ndakukoperani monga ulili:

18:07 RING
18:08 NO CARRIER

A Mulenga akuti mzere woyamba ukutanthauza kuti foni yalira, wachiwiri kuti palibe amene wapezeka. Zimene zatsala za bambo m'nyumba muno ndi zimenezi. A Yosefe anali pampando womwewo, dzanja lawo likanatha kufika pafoni. Akanangoinyamula akanawamva.

Tsopano za ine. Mwalemba kuti phokoso lake ndinu. Ndinapempha kuti modemu isamalire chifukwa ndinali ndi mimba ya miyezi isanu ndi itatu, kutentha kuli koopsa, tulo osabwera. Ndikanapirira, bwenzi tikumva mluzuwo m'nyumba n'kudabwa kuti ikuyankha ndani. Chimenecho ndachivomera ndipo chizindiwawa moyo wanga wonse. Koma zoti ndinamva mawu a munthu wodwala n'kuwabisa, ayi. Zaka zitatu ndakhala mkazi wosatchulidwa dzina kwanuko, m'makalata mumangoti "akazi ako". Sindinadandaule. Mwana uyu ndakana ine kuti asalembedwe mpaka agogo ake alankhule. Mukafuna wonyamula mlandu, tilipo ambiri, ndipo wina ndi amene anasunga kalata m'thumba.

Chimene tikupempha n'chimodzi. Munali nawo mu ofesi muja. Tiuzeni dzina limene ananena. Kalata siingafike pa 23 pasanakwane, ndiye a Yosefe aimba ku parishi mawa kuti a katekisiti akuitaneni. Mwana akukula bwino, wayamba kutsatira munthu ndi maso. Timangomutcha "mwana".

Ndine mlamu wanu,
Atusaye

Achemwali, ndine Yosefe. Ndalemba ATS0=0, yandiyankha OK monga inayankhira tsiku lija. Tsopano foni ikulira mpaka munthu ainyamule. Fakisi ija sinabwere n'komwe, ntchito anapatsa wina. Zimene ndinalemba pa 29 Malichi sindingazifufute. Musandikhululukire, koma ndiuzeni zimene bambo ananena, liwu lililonse limene mukukumbuka. Nambala ya m'manja ndailemba kuseri kwa pepalali.


Linthipe, Dedza
5 Juni 2000

Yosefe,

Moni. Tili moyo. Tikukolola.

A katekisiti anabwera katatu mwezi watha kudzandiuza kuti ukundifuna pafoni. Sindinapite. Nthawi imeneyo ndinali ndisanalandire kalata ya alamu, ndipo sindinkafuna kumva mawu ako. Tsopano ndailandira, ndaiwerenga kangapo, komabe mu ofesi muja sindingalowemo.

Kalata ija a Chikhulupiriro anaipeza m'thumba la jekete lawo la mvula titabwerako kumanda, anakaiponya mwakachetechete osandiuza. Avomera dzana nditawaonetsa za chidindo. Sitikulankhulana bwino m'nyumba muno. Alamu a Atusaye ndinawanenera zoipa zimene sanachite. Uwauze kuti ndamva. Kupepesa ndidzapepesa ndi dzanja langa mtima ukatsika, panopa ndikalemba ndinama.

Ukufunsa dzina. Yosefe, ine dzinalo sindikulidziwa.

Nditawapatsa foni, bambo anaphimba pakamwa pake ndi dzanja n'kuti, "Tulukani nonse, mutseke chitseko. Izi ndi za ine ndi mwana wanga." Tinatuluka, ine, a Chikhulupiriro ndi a katekisiti. Tinakaima pakhonde, kwaya ikuphunzira nyimbo za Pasaka m'tchalitchi, moti sitinamve kanthu. Pobwerera pangolo ndinawanyengerera kuti andinong'oneze. Anaseka n'kuti, "Ukalimva kwa mwini wake." Masiku awo omaliza sindinafunsenso. Ndikanafunsiranji, poti ndinkadziwa kuti lili kwa iwe, losungika bwino m'makina a ku Australia?

Ndafunsa azakhali, ndafunsa abambo mfumu amene anawadzoza mafuta, ndafufuza m'Baibulo lawo ndi m'kabuku kamene ankalembamo miyezo ya anthu. Mulibe. Bambo ako ukuwadziwa, akati chinthu ndi cha munthu mmodzi, ndi cha munthu mmodzi.

Zimene ndingakupatse ndi zimene ndinaona pawindo. Anavula chipewa n'kuchigwira pachifuwa, ngati akulankhula ndi munthu wamkulu. Poyamba nkhope inali yolimba, chala chikuloza m'mwamba, ndinadziwa kuti akukukalipira. Kenako chala chinatsika. Penapake anaseka mpaka kutsokomola. Chakumapeto anapukuta m'maso ndi chipewa chija, ananena liwu limodzi pang'onopang'ono, kawiri, monga amachitira pouza munthu muyezo kuti asaiwale. Ndikuganiza kuti linali limenelo. Milomo ndinaiona, koma kuwerenga milomo sindidziwa.

A Mulenga ako akuti makina anadula patatha mphindi imodzi. Wotchi ya mu ofesi ili moyang'anana ndi windo, ndipo ine ndinkaiyang'ana. Bambo analankhula mphindi zisanu ndi ziwiri. Ndi khutu lawo lija sanadziwe kuti waya waduka. Ndiye kuti ngakhale makina akowo, amene ukuti samva, anangolandira kukalipa kokha. Zotsalazo sizinatuluke n'komwe mu ofesi muja.

Tsiku la 23 Meyi ladutsa, ndiye ndikhulupirira mwana munamulemba kale. Ngati ndi Debbie, akhale Debbie. Ndilibe lina loti ndikupatse, ndipo sindipeka dzina n'kuwanamizira bambo, ngakhale ndinaganizapo usiku ndi usana kuti mwina zikanakupepukira.

Unati ndikuuze liwu lililonse limene ndikukumbuka. Nali. Titatsegula chitseko tinawapeza akubwezera foni pamalo pake ndi manja awiri. Ndinawafunsa ngati zatheka. Anati, "Zatheka. Sanayankhe, koma mwana ameneyu chibadwire, akakhala chete ndiye kuti akumva."

Unditumizire chithunzi cha mwanayo, ndione chipumicho.

Mlongo wako,
Scholastica